Ounika awiri akutsutsana pa pepala langa, ndipo ndapemphedwanso kuunika pepala la wina: ndiyambire pati?

Wophunzira digiri ya PhD analemba:

Ndikupereka moni kwa inu nonse amene mwakhala mukutumiza mapepala a kafukufuku ku magazini okhudza kayendetsedwe ka ukadaulo wa makompyuta m'mabungwe. Ndikupempha uphungu wanu pa nkhani ziwiri zimene zandifikira m'mlungu umodzi, ndipo zonse ziwiri ndikukumana nazo koyamba.

Nkhani yoyamba ikukhudza pepala langa. Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikufufuza mmene makampani aang'ono amasankhira kusamutsa deta ndi mapulogalamu awo kuchoka pa makompyuta a muofesi kupita ku maseva obwereka a pa intaneti, komanso mmene mphamvu yopanga chisankho chimenechi imagawidwira pakati pa mkulu wa zachuma ndi mkulu wa dipatimenti ya makompyuta. Poyamba ndinacheza maso ndi maso ndi akuluakulu a makampani angapo, kenaka ndinakonza mafunso olembedwa kuchokera pa zimene anandiuzazo, n'kuwatumiza ku makampani ambiri. Pepala limene ndinalemba lili ndi mbali zonse ziwirizi. Ndinalitumiza kudzera pa ScholarOne, tsamba la pa intaneti lotumizirapo mapepala ku magazini, ndipo patadutsa miyezi inayi ndalandira yankho limene amalitcha major revision, kutanthauza kuti ndikonze zambiri kenaka nditumizenso.

Chimene chandisowetsa mtendere n'chakuti ounika awiriwo akufuna zinthu zotsutsana. Woyamba akuti macheza amene ndinachita ndi akuluakulu aja angotalikitsa pepala, ndipo akufuna kuti ndiwafupikitse kwambiri, ndilimbitse mbali ya manambala, komanso ndionetse bwino chiphunzitso chimene ndatsamirapo. Wachiwiri akuti phindu lenileni la pepalali lili m'machezawo, ndipo mafunso olembedwa aja sakuwonjezera chilichonse chatsopano, moti kuli bwino ndiwachotse. Kalata ya mkonzi ndi yaifupi. Ikundipempha kuyankha ndemanga zonse, ndipo chakumapeto ili ndi chiganizo chimodzi chonena kuti mkonziyo sakuona bwino chimene chikupangitsa nkhaniyi kukhala ya ukadaulo wa makompyuta osati ya kagulidwe ka katundu wina aliyense. Kodi munthu amayankha bwanji anthu awiri amene akumukokera mbali zosiyana chotere popanda kukhumudwitsa mmodzi wa iwo?

Nkhani yachiwiri ndi yakuti magazini ina yandipempha kuti ndiunike pepala la munthu wina. Chidule cha pepalalo chikufanana kwambiri ndi zimene ine ndikufufuza, ndipo ngakhale dzina la mlembi labisidwa, ndikuganiza kuti ndikumudziwa chifukwa ndinamumvapo akufotokoza ntchito yofanana ndi imeneyi pamsonkhano wa ofufuza. Sindinagwirepo naye ntchito ndipo sitidziwana. Kodi ndivomere, kapena kufanana kwa ntchito zathu ndi chifukwa chokwanira chokanira? Ndiyamikira kwambiri maganizo anu.

Mkonzi wothandiza wa magazini ina anayankha:

Zikomo chifukwa chofotokoza nkhani yanu momveka bwino. Ndiyankha funso loyamba lokha, chifukwa ndi limene ndimakumana nalo kawirikawiri pa ntchito yanga ya ukonzi.

Mwaika mtima wanu wonse pa malipoti awiri aatali aja, koma chikalata chofunika kwambiri mwa zitatu zimene mwalandira ndi kalata yaifupi ya mkonzi. Ounika sapanga chigamulo. Iwo amapereka uphungu, ndipo amene amagamula kuti pepala lisindikizidwe kapena likanidwe ndi mkonzi. M'magazini akuluakulu a gawo lathu, monga MIS Quarterly imene inayamba mu 1977 ku University of Minnesota, kapena Information Systems Research imene inayamba mu 1990 ndipo imasindikizidwa ndi bungwe la INFORMS, pepala limadutsa m'manja mwa mkonzi wamkulu wa pepalalo ndi mkonzi wothandiza, ndipo wothandizayo ndi amene amasankha ounika, kuwerenga malipoti awo ndi kulemba lipoti lake la momwe akuionera nkhani yonse. Magazini ang'onoang'ono angakhale ndi mkonzi mmodzi yekha pa pepala lililonse, koma mfundo yake ndi yomweyo. Choncho funso limene muyenera kudzifunsa si lakuti mukondweretsa bwanji ounika onse awiri, koma lakuti mkonzi ayenera kuona chiyani m'pepala lokonzedwalo kuti akhulupirire kuti vuto lake lalikulu latha.

Ndipo mkonzi wakuuzani vutolo, ngakhale m'chiganizo chimodzi. Akufunsa kuti ukadaulo weniweniwo uli pati m'nkhani yanu. Funso limeneli lili ndi mbiri yaitali m'gawo lathu. Mu 2001, Wanda Orlikowski ndi Suzanne Iacono anasindikiza pepala mu Information Systems Research limene linaonetsa kuti ofufuza ambiri amatchula ukadaulo m'mutu wa ntchito yawo koma osaufotokoza n'komwe, ngati kuti makompyuta onse ndi chinthu chimodzi chosasintha. Mu 2003, Izak Benbasat ndi Robert Zmud analembanso mu MIS Quarterly za nkhawa yofanana nayo. Kuyambira nthawi imeneyo akonzi ambiri amayesa pepala ndi muyeso wosavuta: ngati m'malo mwa mawu onena za maseva a pa intaneti titaikamo magalimoto a kampani kapena nyumba ya lendi, kodi zotsatira zake zingasinthe? Ngati sizingasinthe, pepalalo ndi la kayendetsedwe ka bizinesi, ndipo liyenera kupita ku magazini ina.

Ine ndikuona kuti nkhani yanu ili nalo yankho, kungoti mwina simunalitulutse poyera. Kubwereka maseva a pa intaneti kumasintha mtundu wa ndalama zimene kampani imawononga, kuchoka pa kugula zipangizo kamodzi kupita pa kulipira mwezi ndi mwezi malinga ndi kagwiritsidwe ntchito, ndipo kusintha kumeneku kumakokera mkulu wa zachuma m'zosankha zimene kale zinali za akatswiri a makompyuta okha. Komanso dipatimenti iliyonse ingathe kulembetsa pulogalamu ya pa intaneti payokha popanda kupempha aliyense, deta imakasungidwa kumalo amene kampani siiwalamulira, ndipo kuchoka kwa wogulitsa mmodzi kupita kwa wina kumavuta deta ikachuluka. Zonsezi ndi makhalidwe a ukadaulowo, ndipo ndi zimene zimachititsa kuti mphamvu isamuke kuchoka kwa munthu wina kupita kwa mnzake. Mukamanga pepala lanu pa mfundo imeneyi, mkangano wa ounika awiri aja udzachepa wokha, chifukwa mudzakhala ndi muyeso wosankhira zimene zitsale ndi zimene zichoke. Mbali ya macheza imene ikuonetsa mmene mphamvuyo imasamukira itsale, ndipo mafunso olembedwa amene akuyesa ngati kusamukako kukuchitika m'makampani ambiri atsalenso. China chilichonse chimene sichikutumikira mfundoyi chichoke, ngakhale munachivutikira bwanji.

Nthawi zambiri ounika akamatsutsana chotere, amakhala akuona nthenda imodzi koma akupereka mankhwala osiyana. Onse awiri aona kuti mbali ziwiri za pepala lanu sizikulumikizana, ndipo aliyense wasankha kudula mbali imene saizolowera. Ntchito yanu ndi kuchiza nthendayo, ndipo simukakamizika kumwa mankhwala a aliyense wa iwo ngati muli ndi njira yabwino imene mungaiteteze ndi zifukwa.

Za kalata yoyankha ndemanga, ndikulangizani kuti muiyambe ndi tsamba limodzi lolembera mkonzi, limene likufotokoza zinthu zazikulu zitatu kapena zinayi zimene mwasintha, ndipo patsamba lomwelo munene poyera kuti ounika anapereka malangizo osiyana pa nkhani ya njira ziwiri za kafukufuku, kuti mwasankha chakuti, ndiponso chifukwa chake. Musabise kusagwirizanako poganiza kuti sikuoneka, chifukwa m'magazini ambiri wounika aliyense amaona lipoti la mnzake pamodzi ndi mayankho anu onse. Mukauza woyamba kuti mwafupikitsa macheza monga anafunira, n'kuuza wachiwiri kuti mwawakulitsa monga anafunira, onse awiri adzaona zimenezo ndipo chikhulupiriro chawo mwa inu chidzachepa. Pambuyo pa tsamba limenelo, kopani ndemanga iliyonse monga inalembedwera, muike yankho lanu pansi pake, ndipo musonyeze tsamba ndi ndime pamene mwasintha. Pamene simukugwirizana ndi wounika, nenani mwaulemu, perekani umboni, ndipo ngati n'kotheka sinthanibe kalembedwe ka ndimeyo, popeza wowerenga mmodzi waluso akasokonezeka pamalo ena ndiye kuti enanso adzasokonezeka pomwepo.

Konzekeraninso funso limene wounika wokonda manambala adzafunsa ngati sanafunse kale, lokhudza kuti munthu mmodzi yemweyo m'kampani iliyonse ndi amene anayankha mafunso onse, a zoyambitsa ndi a zotsatira zomwe. Zikatero, kugwirizana kumene mukukuona m'manambala kungachokere pa mmene munthuyo amayankhira mafunso osati pa zimene zikuchitikadi m'kampani. Ngati m'makampani ena muli ndi mayankho ochokera kwa akuluakulu awiri osiyana, amenewo ndi chuma, ndipo muwagwiritse ntchito. Ngati mulibe, vomerezani malire amenewa momveka bwino m'pepala.

Ndimalizire ndi mfundo ziwiri zazifupi. Mukawerenga zonse n'kuona kuti simungapite patsogolo popanda kudziwa maganizo a mkonzi, n'kololeka kumulembera kalata yaifupi yofotokoza njira imene mukufuna kutsata ndi kufunsa ngati akuiona kuti ndi yoyenera. Musamufunse kuti akusankhireni, koma mupite ndi chisankho chanu chokonzeka. Ndipo ngati nthawi imene mwapatsidwa ikuchepa, pemphani kuti akuwonjezereni tsiku lomaliza lisanafike. Major revision si lonjezo lakuti pepala lidzalandiridwa, ndipo mapepala ena amakanidwa paulendo wachiwiri, koma ndi chizindikiro chakuti mkonzi waona kanthu kena koyenera nthawi yake ndi ya ounika.

Mphunzitsi wa payunivesite amene amaunika mapepala anayankha:

Ndikugwirizana ndi zimene akonzi afotokoza pamwambapa, choncho ine nditenga funso lachiwiri.

Kuganiza kuti mukumudziwa mlembi si chifukwa chokanira pachokha. Gawo lathu si lalikulu kwenikweni, ndipo mapepala ambiri amayamba aonekera pamisonkhano monga ICIS, umene wakhala ukuchitika chaka ndi chaka kuyambira mu 1980, kapena amaikidwa pa SSRN, tsamba la pa intaneti loikapo mapepala a kafukufuku, asanapite ku magazini, kotero kuti wounika wodziwa bwino nkhani yake amatha kulota mwini pepala nthawi zambiri. Kubisa mayina mbali zonse ziwiri kumachepetsa kukondera koma sikuthetsa kudziwana konse. Chimene simuyenera kuchita ndi kukafufuza dala pa intaneti kuti mutsimikize dzinalo. Zifukwa zenizeni zokanira ndi monga kukhala pasukulu imodzi ndi mlembiyo, kulemba naye limodzi posachedwapa, ubale, udani, kapena phindu la ndalama limene lingadalire zotsatira za pepalalo.

Kufanana kwa ntchito zanu ndiko kukufuna kuganizira mozama, ndipo pano ndikupemphani kuti mudzifunse moona mtima. Ngati pepalalo litasindikizidwa lanu lisanatuluke, kodi lanu lidzataya phindu lake? Ngati yankho ndi inde, ndiye kuti muli pampikisano ndi mlembiyo, ndipo ngakhale mutakhala ndi mtima wabwino chotani, kudzakhala kovuta kusiyanitsa chidzudzulo choona ndi chikhumbo chakuti pepalalo lichedwe. Palinso ngozi ina imene ambiri saiganizira. Inu muli mkati mokonza pepala lanu pa nkhani yomweyo, ndipo mukawerenga ntchito ya mnzanuyo mwachinsinsi simudzatha kuiwala zimene mwawerenga. Mfundo yake yabwino ingalowe m'pepala lanu mosadziwa, ndipo simungathe kuitchula monga gwero chifukwa sinasindikizidwe ndipo munaiona mwachinsinsi. Malangizo a ounika amene bungwe la COPE, loona za khalidwe loyenera pa kusindikiza kafukufuku, lomwe linakhazikitsidwa mu 1997, linatulutsa amanena momveka kuti wounika aulule zimene zingamuchititse kukondera, ndipo asagwiritse ntchito zimene waona pounika kuti apindule yekha.

Njira yoongoka ndi kulembera mkonzi amene wakupemphaniyo musanatsegule pepala lonse. Muuzeni kuti muli ndi pepala pa mutu woyandikana limene likuunikidwa ku magazini ina, kuti mukuganiza kuti munamvapo ntchitoyi pamsonkhano, ndipo mumusiyire kuti agamule. Akonzi amayamikira kalata yotere, ndipo ngakhale atakuchotsani pa pepala limeneli adzakukumbukirani pa lina. Mukakana, kanani msanga ndipo tchulani mayina a akatswiri ena amene angathandize, chifukwa tsiku lililonse limene pempho likhala osayankhidwa ndi tsiku limene mlembi wina akudikira monga inunso munadikira miyezi inayi.

Mkonzi akanena kuti mupitirize, kumbukirani kuti pepalalo ndi lachinsinsi. Musalipereke kwa mnzanu, ndipo ngakhale mlangizi wa kafukufuku wanu musamuonetse popanda chilolezo cha mkonzi. Magazini ambiri amalola kuti wophunzira aunike pamodzi ndi mphunzitsi wake, koma amafuna kudziwitsidwa kuti mayina onse awiri alembedwe. Musaliikenso m'mapulogalamu a nzeru zopangidwa monga ChatGPT kuti akufupikitsireni kapena akulembereni lipoti, chifukwa kutero ndi kutulutsa ntchito ya munthu wina kunja popanda chilolezo chake, ndipo makampani osindikiza monga Elsevier amaletsa ounika kuchita zimenezi.

Polemba lipoti, ine ndimayamba ndi ndime imodzi yofotokoza m'mawu anga chimene pepala likunena, kuti mlembi ndi mkonzi aone ngati ndalimvetsa. Kenaka ndimatchula mavuto akuluakulu, amene sayenera kupitirira atatu kapena anayi, ndipo pa lililonse ndimafotokoza chifukwa chake ndi lalikulu komanso ngati lingakonzedwe ndi deta imene ilipo kapena likufuna kafukufuku watsopano. Kusiyanitsa kumeneku ndi kumene mkonzi amakufuna kwambiri popanga chigamulo. Zing'onozing'ono zimabwera pamapeto. Ounika atsopano amakonda kulemba ndemanga zambirimbiri zofanana kulemera pofuna kuonetsa kuti awerenga mosamala, koma lipoti lotero limasiya mlembi osadziwa poyambira. Ndipo popeza inu mwangolandira kumene malipoti amene aliyense akufuna kuti pepala lanu lisanduke pepala limene iye akanalemba, mukudziwa kale kupweteka kwake. Muunike pepala limene mlembi analemba, pa zolinga zimene iye anadziikira. Pa fomu yotumizira lipoti pali bokosi lina la ndemanga zopita kwa mkonzi yekha, ndipo zimene mulembe mmenemo zisatsutsane ndi zimene mwauza mlembi, chifukwa si chilungamo kumuyamikira pamaso kenaka n'kupempha mseri kuti pepala lake likanidwe.

Wofufuza wina anayankha:

Ndili ndi maganizo osiyana pang'ono ndi a akonzi pa funso loyamba, ndipo ndikuwapereka mwaulemu. N'zoona kuti njira ziwiri za kafukufuku zingalumikizidwe bwino, ndipo pepala la Viswanath Venkatesh, Susan Brown ndi Hillol Bala la mu 2013 mu MIS Quarterly limapereka malangizo a mmene mungachitire zimenezo, makamaka pa kutulutsa mfundo imodzi yochokera ku mbali zonse ziwiri. Koma si ntchito iliyonse imene ingathe kulumikizidwa motero, ndipo nthawi zina ounika akamakokera mbali ziwiri amakhala akukuuzani kuti mwapanikiza mapepala awiri m'thumba limodzi. Ngati mafunso olembedwa aja sakuyesa mwachindunji zimene munapeza m'macheza, kuwalumikiza mokakamiza kudzakutengerani miyezi yambiri ndipo msoko wake udzaonekabe. Pamenepo kungakhale bwino kutsata wounika wachiwiri, kulimbitsa mbali ya macheza, ndi kusunga manambala kuti adzakhale pepala lina lokhala ndi funso lakelake. Ndikutsindika mawu akuti funso lakelake, chifukwa kudula kafukufuku mmodzi m'tizidutswa tonena chinthu chimodzimodzi n'cholinga chochulukitsa mapepala ndi khalidwe limene akonzi amadana nalo.

Chimene ndikuchenjezani kwambiri ndi mayesero amene amabwera munthu akatopa. Musatumize pepalali ku magazini ina pamene likadali m'manja mwa yoyambayi. Ngati mwaganiza zochoka, lembani kalata yolichotsa ndipo dikirani kuti akutsimikizireni. Ndipo mukayamba kulandira maimelo okuyamikirani ndi kulonjeza kusindikiza m'masiku owerengeka mukangolipira, dziwani kuti kuunika kwenikweni sikutheka m'nthawi yotero. Mndandanda wa magazini okayikitsa umene Jeffrey Beall ankasunga unatsekedwa mu 2017, koma mungathe kuona ngati magazini ili m'mindandanda ya magazini ovomerezeka monga DOAJ, Scopus kapena Web of Science, ndiponso kutsata mafunso a Think. Check. Submit., othandiza kuzindikira magazini odalirika, musanatumize. Bungwe la Association for Information Systems lilinso ndi mndandanda wa magazini otsogola amene akatswiri akuluakulu a gawoli anasankha, umene kwa zaka zambiri unali ndi magazini 8 ndipo mu 2023 unakula kufika pa 11. Sikuti pepala lililonse liyenera kupita kumeneko, koma mukaona mayina a akonzi a magazini amenewo mumadziwa anthu amene ntchito yawo ndi yodalirika, ndipo mungaone kuti amatumikiranso m'magazini ena ati.

Wophunzira digiri ya PhD anayankhanso:

Ndikuthokoza nonse atatu chifukwa cha nthawi yanu. Ndawerenganso kalata ya mkonzi ndipo ndikuvomereza kuti chiganizo chimene ndinachiona ngati chongowonjezera ndicho mutu wa nkhani yonse. Ndaonanso mafunso anga olembedwa mogwirizana ndi chenjezo la ofufuza amene ayankha komalizawa, ndipo ndapeza kuti pafupifupi theka la mafunsowo likuchokeradi m'macheza, pamene ena ndinawatenga m'kafukufuku wakale wa kalandiridwe ka ukadaulo chifukwa ndinkaganiza kuti ounika adzawayembekezera. Ndikuganiza zosunga oyambawo ndi kuchotsa enawo. Kwa mkonzi wa magazini yachiwiri ndalemba kale monga aphunzitsi analangizira, ndipo ndikudikira yankho lake ndisanatsegule pepalalo.

Ndatsala ndi mafunso awiri ang'onoang'ono. Wounika woyamba wandipatsa mapepala anayi oti ndiwatchule, ndipo onse ali ndi dzina la mlembi mmodzi. Awiri akugwirizana ndi nkhani yanga koma awiri enawo sindikuona pamene angalowe. Kodi ndiwatchule onse kuti ndipewe mkangano? Chachiwiri, mbali ya macheza ndinaifotokozapo kale m'pepala lalifupi la pamsonkhano, limene lili pa intaneti ndi dzina langa. Ndinadziwitsa mkonzi m'kalata yanga yoyamba, koma m'pepala lenilenilo sindinalitchule poopa kudziulula. Kodi pokonzanso ndichite bwanji?

Mkonzi wothandiza wa magazini ina anayankhanso:

Chisankho chanu pa mafunso olembedwa chikumveka bwino, ndipo ndikuvomereza kuti chenjezo la anzathu aja linali loyenera. Mafunso a kalandiridwe ka ukadaulo, amene ambiri amawatenga ku ntchito ya Fred Davis ya mu 1989, anakonzedwa kuti ayese maganizo a munthu mmodzi wogwiritsa ntchito pulogalamu, pamene inu mukufufuza chisankho cha kampani yonse ndi kugawana mphamvu pakati pa akuluakulu ake. Kusiyana kwa milingo kumeneku mwina ndi kumene kunachititsa wounika wachiwiri kuona kuti manambala anu sakuwonjezera kanthu. Mufotokoze zimenezi m'kalata yanu, ndipo munene poyera mafunso amene mwachotsa, kuti pasakhale wokayikira kuti mwabisa zotsatira zimene sizinakukomereni.

Pa mapepala anayi aja, awerengeni onse bwinobwino musanagamule, chifukwa mwina wounikayo waona kugwirizana kumene inu simunakuone. Amene akuthandizadi mfundo yanu muwatchule pamalo oyenera ndi kufotokoza chimene mwatengamo. Amene sakugwirizana musawatchule, ndipo m'yankho lanu mulembe mwachidule kuti mwawerenga, kuti akukamba za funso lina, ndi kuti n'chifukwa chake simunawaphatikize. Musalembe chilichonse chosonyeza kuti mukuganiza kuti wounikayo ndiye mlembi wake, popeza simungatsimikize, ndipo nthawi zina munthu amangotchula ntchito za katswiri amene amamulemekeza. Mkonzi amadziwa dzina la wounika aliyense, choncho adzaona yekha ngati pali vuto. Wounikayo akadzaumirira paulendo wachiwiri popanda kupereka chifukwa cha sayansi, pamenepo mulembere mkonzi mwachindunji, chifukwa kukakamiza mlembi kutchula mapepala n'cholinga chokweza chiwerengero cha wina ndi khalidwe limene COPE imalitsutsa.

Pa pepala la pamsonkhano, munachita bwino kudziwitsa mkonzi, ndipo muchitenso chimodzimodzi potumiza kachiwiri, makamaka chifukwa magazini ambiri amayendetsa mapepala mu pulogalamu ya iThenticate, imene idzaonetsa ndime zofanana ndi zimene munasindikiza kale. M'gawo lathu n'chizolowezi kuti pepala la pamsonkhano likule n'kukhala la m'magazini, malinga ngati latsopanolo lili ndi zowonjezera zenizeni. Mmene mungalitchulire m'pepala muli njira ziwiri, ndipo malangizo a olemba a magaziniyo ndi amene akuuzeni yoyenera. Magazini ena amafuna kuti mutchule ntchito yanu monga mmene mungatchulire ya munthu wina aliyense, osalemba mawu onga akuti m'kafukufuku wathu wam'mbuyomu, pamene ena amafuna kuti muchotse dzina ndi mutu wake mpaka pepala litalandiridwa. Ngati malangizowo sakunena kanthu, funsani ofesi ya magaziniyo m'chiganizo chimodzi. Musanatumize, onaninso kuti dzina lanu silinatsale m'mbiri ya fayilo kapena m'zizindikiro za zosintha zimene Word imasunga, ndipo kalata yoyankha ounika musaisainire, chifukwa nayonso imapita kwa iwo monga mwailembera.